Mboni za Liwiro la Amayi: Mawu Olankhulidwa ku Karonga kwa Achinyamata Ojambula Kanema

Mafumu athu olemekezeka, eni nthaka ino ya Ungonde, akuluakulu a mipingo, aphunzitsi, amayi ndi abambo, ndi inu anyamata ndi atsikana amene mwayamba ntchito yojambula kanema: ndiyambe ndi kupempha malo, pakuti mlendo salankhula pabwalo la eni ake asanawombe m'manja, ndiponso ndipemphe kuti mundilole kulankhula m'Chichewa pamudzi pamene ana amayamwira Kyangonde ndi Chitumbuka, popeza ndicho chinenero chimene ndingatulutsiremo zonse za kumtima kwanga. Chimene ndadzera ndi ichi: pa ntchito zonse zimene kamera ili m'manja mwanuyo ingagwire, ilipo imodzi yosayenera kudikira chaka chamawa, ndiyo kujambula kanema wa mbiri ya akazi a dziko lino amene anathamanga pa mipikisano ya liwiro, kuyambira pa mpikisano umodzi umene ambiri tikuukumbukira, ndi kubwerera m'mbuyo kufikira pa imene yatsala m'mitima ya okalamba okha.

Mpikisano ndikunenawo unachitika pa 7 Ogasiti 2022, pa bwalo la Alexander mumzinda wa Birmingham ku England, m'masewera a mayiko a Commonwealth. Akazi asanu ndi atatu anagwada poyambira m'ndime yomaliza ya mamita 400, ndipo mmodzi wa iwo anali mwana wathu wa kuno kumpoto, Mayi Asimenye Simwaka, amene kuti afike pamenepo anali atapyola kale ndime ziwiri zopetera. Anapambana tsikulo ndi Sada Williams wa ku Barbados pa masekondi 49.90. Mayi Simwaka anafika pa nambala 6, pa masekondi 51.55, liwiro limene mkazi wa ku Malawi anali asanalifikepo n'kale lonse, ndipo pakati pa iwo ndi mendulo panatsala mpata wosakwana theka la sekondi. Amene anathamangapo mtunda umenewu akudziwa chimene uli. Ndi kuzungulira bwalo kamodzi kokha, koma kuzungulira kopanda popumira: othamanga saima pamzere umodzi wowongoka, aliyense amaima patsogolo pang'ono pa mnzake monga mwa kanjira kake, kotero kuti wa kunja amathamanga osaona munthu, nangomva mapazi akum'londola m'mbuyo, ndipo akakhota kotsiriza, patatsala mamita 100, miyendo imalemera, chifuwa chimaotcha, manja amayamba kukana, ndipo chom'fikitsa munthu pamzere chimakhala thukuta la zaka zambiri zimene palibe anaziona.

Apa m'pamene pagona ntchito yanu. Zithunzi za ku Birmingham zilipo, zojambulidwa ndi makamera ambiri a mtengo wapatali, koma zili ndi eni ake. Amene anakonza masewerawo, ndi nyumba zoulutsira zimene zinagula ufulu wake, sangakuloleni kungozitola, ndipo mudzayenera kulemba makalata, kupempha chilolezo, mwinanso kulipira ndalama zambiri pa masekondi owerengeka. Chitani zimenezo mwa chilungamo, pakuti wojambula wakuba ntchito ya mnzake adzasowa pakamwa podandaulira tsiku limene yake idzabedwe. Koma ngakhale atakupatsani zonse, mudzakhala mutagwira mchira wokha wa nkhani. Makamera a ku Birmingham sanaone mabwalo a fumbi a sukulu zathu, kumene liwiro la ana aakazi a dziko lino limayambira. Sanauze dziko kuti munthu yemweyo, amene anathamanganso pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021 nanyamula mbendera yathu ku Paris mu 2024, ndi katswirinso wa mpira wa miyendo, amene anali m'gulu la Scorchers pamene linatenga chikho cha COSAFA mu 2023 pogonjetsa Zambia. Ndipo koposa zonse sanadziwe, sakanathanso kudziwa, amayi amene anaponda njirayo iye asanabadwe.

Kuti mumvetse chifukwa chake ndikuumirira pa kamera, ndiloleni ndikutengereni kutali, ku Amsterdam, m'chaka cha 1928, pamene akazi analoledwa koyamba kuthamanga pa masewera a Olimpiki. Pa 2 Ogasiti chaka chimenecho kunali ndime yomaliza ya mamita 800. Anapambana Lina Radke wa ku Germany, wachiwiri Kinue Hitomi wa ku Japan, wachitatu Inga Gentzel wa ku Sweden, ndipo wopambanayo anathamanga liwiro limene mkazi anali asanathamangepo pa dziko lonse lapansi. Atamaliza, ena anakhala pansi, ena anagona pa udzu kufuna mpweya, monga achitira wothamanga aliyense, mwamuna kapena mkazi, amene wapereka zonse anali nazo. Koma olemba nyuzi, amene mitima yawo inali itagamula kale mlandu usanazengedwe, analemba kuti kunagwa tsoka. Wina wa ku New York anafika ponena kuti anayamba akazi khumi ndi mmodzi, asanu nalekera panjira, asanu nakomoka pamapeto. Mawuwo anauluka, nakhazikika, nasanduka lamulo. Ndipo kwa zaka 32, kufikira ku Rome mu 1960, mkazi sanaloledwenso kuthamanga pa Olimpiki mtunda woposa mamita 200.

Patapita zaka zambiri, ofufuza mbiri anabwerera ku mabuku a mpikisanowo ndi ku filimu yakale imene inajambulidwa tsikulo, napeza kuti oyamba anali asanu ndi anayi, ndi kuti chipwirikiti chinalembedwa chija kunalibe. Filimuyo inali chigonere nthawi yonseyo, mboni yoona imene sinaitanidwe kubwalo. Taganizani za mbadwo wathunthu wa atsikana amene anabadwa ndi liwiro, nakula, nakalamba, khomo lili chitsekere chifukwa cha umboni wonama wa anthu ochepa! Ndipo ife a mipingo tisadabwe nazo kwambiri, pakuti timawerenga chaka ndi chaka za akazi amene anathamanga mbandakucha kuchokera kumanda kukanena zimene anaona, ndipo amuna amene anawauzawo sanawakhulupirire. Kukayikira umboni wa mkazi ndi nthenda yakale, yoyenda mitundu yonse.

Koma ndingakhale ndikukunamizani ndikanena kuti kamera ilibe tsankho. Mu 1966, Roberta Gibb, atakanizidwa kulembetsa pa mpikisano wa makilomita 42 wa ku Boston, anabisala m'zitsamba pafupi ndi poyambira, nalowa pakati pa amuna mfuti italira, namaliza mtunda wonse wopanda nambala. Chaka chotsatira, pa 19 Epulo 1967, Kathrine Switzer analembetsa ndi zilembo zoyamba zokha za mayina ake oyamba, napatsidwa nambala 261. Ndipo ali mkati mothamanga, mkulu wina wa mpikisanowo, Jock Semple, anam'thamangira nayesa kum'zula nambalayo pamalaya, pamaso pa galimoto ya atolankhani. Zithunzi zitatu za mphindi imeneyo zinazungulira dziko lonse, ndipo zinathandiza kuti mu 1972 Boston atsegule khomo kwa akazi. Komatu tsiku lomwelo Gibb anathamanganso, nafika pamapeto pafupifupi ola lathunthu Switzer asanafike; koma popeza palibe anam'gwira malaya pamaso pa kamera, dzina lake ndi ochepa amalidziwa. Onse awiri ngoyenera ulemu, ndipo sindikuchepsa mmodzi kuti ndikuze mnzake. Chimene ndifuna muone n'chakuti diso la kamera limathamangira pamene pali phokoso ndi misozi, nkusiya pamene pali luso. Zinaonekanso chomwecho ku Los Angeles pa 5 Ogasiti 1984, pamene akazi anathamanga koyamba makilomita 42 pa Olimpiki: anapambana Joan Benoit, motsatidwa ndi Grete Waitz ndi Rosa Mota, koma chithunzi chimene ambiri anasunga m'maso ndi cha Gabriela Andersen-Schiess wa ku Switzerland, akudzandira ndi kutentha pozungulira bwalo kotsiriza. Kulimba mtima kwake kunali koona. Koma wojambula amene angoonetsa mkazi wodzandira, osaonetsa makumi a akazi amene anamaliza ali chilili, walembanso bodza la ku Amsterdam lija pogwiritsa ntchito zithunzi zoona.

Ya ku Barcelona, ya pa 7 Ogasiti 1992, zaka 30 ndendende lisanafike tsiku la ku Birmingham, ndingoitchula chabe, pakuti imadziwika: Derartu Tulu wa ku Ethiopia anapambana mamita 10,000, nakhala mkazi wakuda woyamba wa mu Africa kutenga golide pa Olimpiki, ndipo anazungulira bwalo atagwirana manja ndi Elana Meyer, mzungu wa ku South Africa, pamene ulamuliro wa tsankho unali kutha. Kamera inalipo, ndipo chifukwa inalipo, atsikana a ku Ethiopia anakula ali ndi munthu wom'penyerera.

Tibwere kwathu tsono. Dziko la Malawi linatumiza othamanga ake ku Olimpiki koyamba mu 1972, ku Munich, ndipo m'gululo munali akazi: Mabel Saeluzika wa mitunda yaifupi, ndi Emesia Chizunga wa mamita 800. Imani pa chaka chimenecho mulingalire. Panali patangopita zaka 8 chilandirireni ufulu, ndipo chaka chotsatira, mu 1973, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kavalidwe, loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi poyera, lamulo limene linakhalapo kufikira 1993. M'nyengo yotere, pamene maso a mudzi ndi a boma omwe anali pa mawondo a mkazi, panafunika mtima wotani kuti mtsikana adzuke m'mamawa nakathamanga pamsewu anthu akuona? Ndipo nyengo yonseyo dziko lino linalibe wailesi yakanema. Wailesi ya MBC inalipo kuyambira 1964, koma Television Malawi inayamba mu 1999. Makamera a boma amene analipo ankatsata kwambiri maulendo a Pulezidenti, kuyendera mbewu ndi zikondwerero, kotero kuti zithunzi za amayi ovina pamaso pa Ngwazi n'zosawerengeka, koma funani za amayi othamanga muone kuvuta kwake. Mbadwo umene unatsegula njira ndi umenenso unasowa woujambula.

Pambuyo pawo anadza ena amene mayina awo anafika m'mabuku a kunja. Catherine Chikwakwa anathamanga mamita 5,000 ku Sydney mu 2000 ali mwana wa zaka 15, ndipo mu 2004, ku Grosseto m'dziko la Italy, pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse, anatenga mendulo ya siliva pambuyo pa Meselech Melkamu wa ku Ethiopia. Mpikisano umenewo pawokha ngoyenera kanema wake, pakuti si kawirikawiri mbendera yathu kukwezedwa pa bwalo la dziko lonse pa masewera a liwiro. Lucia Chandamale anapita ku Beijing mu 2008, Ambwene Simukonda ku London mu 2012, Tereza Master nathamanga makilomita 42 ku Rio de Janeiro mu 2016; ndipo ku Mulanje, pa mpikisano wa onyamula katundu wokwera phiri kuchokera ku Likhubula, akazi amakwera ndi kutsika matanthwe omwewo amene amuna amakwera. Awa ndi odziwika, ndipo muwafunefune, iwo eni kapena abale awo. Koma pansi pa dzina lililonse lodziwika pali mazana a atsikana amene anapambana pa sukulu, pa zoni, pa boma, ena nafika ku chigawo, kenako nkuzimiririka; ndipo ambiri a iwo, ndikunenetsa, ali moyo lero lino m'midzi ya boma lomwe lino.

Inu a ku Karonga simusowa wokuphunzitsani kusunga zakale. M'nyumba yanu yosungiramo chikhalidwe ndi zakale, imene inatsegulidwa mu Novembala 2004, mwaimika chifaniziro cha mafupa a chinyama chakale, Malawisaurus. Ku Uraha, mu 1991, kunafukulidwa nsagwada ya munthu wakale wa zaka zoposa mamiliyoni awiri. Manda a asilikali amene anagwa pa nkhondo ya mu Seputembala 1914 mukudziwa pamene ali. Ndipo mbiri ya a Kyungu ndi phiri la Mbande mumaifotokozera ana. Koma fupa limadikira m'nthaka kufikira wolifukula atabwera, pamene mawu a nkhalamba sadikira munthu. Mayi amene anathamangira sukulu yake mu 1972 ali ndi zaka 15 akuyandikira zaka 70 tsopano. Mapepala amene akanam'chitira umboni, ziphaso za kupambana, zithunzi zojambulitsa kwa wojambula wa pamsika, mabuku amene aphunzitsi aakulu ankalembamo zochitika za pa sukulu, ena anadyedwa ndi chiswe, ena ananyowa Rukuru atasefukira, ena anakwiririka ndi zipupa pa chivomezi cha mu Disembala 2009. Madzi akatayika saoleka. Maliro alionse a mayi wotere amatenga mpikisano wathunthu, ndi mayina a onse amene anathamanga naye, nkupita nawo kumanda.

Mudzawapeza kuti? Musayambire ku maofesi. Funsani ku Umanyano ndi ku magulu ena a amayi a mipingo, funsani aphunzitsi opuma ntchito amene ankagwira wezulo ndi wotchi, funsani pamsika kwa ogulitsa mpunga ndi usipa, kuyambira ku Kaporo ndi Songwe kufikira ku Lupembe, Nyungwe ndi Chilumba. Funso lake n'losavuta: m'nthawi yanu, mtsikana waliwiro koposa onse anali yani? Mudzaona nkhope zikusintha, ndipo dzina lidzatuluka msangamsanga, pakuti mudzi suiwala waliwiro wake. Pambuyo pake wina wa inu apite ku Zomba, ku nyumba yosungiramo zolembedwa za dziko, akavundukule nyuzi ndi magazini, Boma Lathu, Moni, Malawi News ndi Daily Times za zaka zimenezo, tsamba ndi tsamba, pakuti nkhani za akazi othamanga zimabisala kumunsi kwa tsamba lomaliza.

Mukafika pakhomo pa mayi wotere, musatulutse kamera tsiku loyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Perekani moni monga mwa mwambo wa kuno, khalani pamphasa, dziwitsani kuti ndinu mwana wa yani, idyani chimene akupatsani, ndipo fotokozani momveka chimene mukufuna ndi kumene zithunzizo zidzaonetsedwe. Akakana, mwathokoza nkumapita, pakuti mbiriyo ndi yawo. Akalola, bwerani m'mamawa dzuwa la Karonga lisanapse, kapena madzulo litapendeka, muwakhazike pamthunzi, kuwala kukuchokera chammbali. Ndipo samalani mawu koposa chithunzi. Foni yabwino ikhoza kujambula nkhope mokwanira, koma mwera ukamawomba kuchokera kunyanja, tambala akulira kuseri, njinga yamoto ikudutsa pamsewu, mawu a munthu wokalamba amamira; fikitsani maikolofoni pafupi ndi chifuwa chawo, muiphimbe ku mphepo, ndipo wina akhale akumvetsera m'makutu nthawi yonse. Oonera amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu osamveka amawabalalitsa.

Pofunsa, musayambe ndi mafunso aakulu a ufulu wa amayi, pakuti mudzalandira mayankho a pamsonkhano. Yambani ndi mapazi. Munkathamanga opanda nsapato? Mchenga unkaotcha bwanji masana? Mizere ya pabwalo ankalemba ndi chiyani, laimu kapena phulusa? Diresi munkalimanga motani kuti lisakupingeni? Anakuthirani gulukosi m'dzanja ndani, ndipo munanyambita musanathamange kapena mutamaliza? Pa lole yopita ku boma munkaimba nyimbo yanji? Mudzaona mayi amene anayamba ndi kunena kuti zonse anaiwala akudzuka pamphasa, akukuonetsani mmene ankapendekera pokhota, akutchula dzina la mnzake wa sukulu ina amene anam'pitirira chaka china, nabwezera chaka chinacho. Mwina adzalowa m'nyumba natuluka ndi beseni lakale, losupuka m'mbali, limene analandira ngati mphotho, ndipo anasambitsiramo ana ake onse. Lijambuleni beseni limenelo pafupi, ndi manja amene aligwirawo, ndipo musafulumire kuchotsapo kamera.

Pamenepo m'pamene mungafunse funso limene kanema yense waimapo: nanga munalekeranji? Mukafunsa, tsekani pakamwa. Padzakhala chete, ndipo mtima wanu udzafuna kuwathandiza ndi mawu; musatero, ndiponso podzalumikiza zithunzi musadzadule chete ameneyo. Wina adzati fizi inasowa, bambo nasankha kulipirira mlongo wake; wina adzati anakwatiwa, mwamuna nakana; wina adzati anatenga pathupi, sukulu nimuchotsa; wina adzati azakhali anam'langiza kuti mkazi wothamangathamanga sadzabereka, iye naopa. Makolo anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo inu okhala m'mbali mwa nyanja mukudziwa kuti wotsalira poyamba mumchenga sapezanso anzake. Atsikana amenewa sanayambire limodzi ndi alongo awo: ankafika pabwalo atatunga kale madzi, atasesa, atasinja, ndipo ankachoka msanga kukaphika. Kanema wanu akaonetsa ichi, kuchokera pakamwa pa eni ake, oonera adzamvetsa kulemera kwa masekondi 51.55 aja popanda wina kuwalalikira. Pa chifukwa chomwechi, m'gulu lanu mukhale atsikana ogwira kamera ndi ofunsa mafunso, pakuti zilipo nkhani zimene mayi sangauze mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wake.

Za chinenero ndinene mosabisa, ngakhale ndikulankhula Chichewa. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya dziko lino, ndipo chinabwererapo mu 1994. Amayi amene mukawafunsewo anakula nthawi imene chinenero cha pakhomo pawo sichinkamveka pa mphepo. Musawabwerezere chipongwe chimenecho. Wolankhula Kyangonde alankhule Kyangonde, wa Chitumbuka alankhule Chitumbuka, ndipo kumasulira kwa Chichewa kapena Chingerezi kulembedwe m'munsi mwa chithunzi. Munthu amakumbukira m'chinenero chimene ankachemereredwa nacho, ndipo mukam'kakamiza china adzakupatsani mafupa okha a nkhani.

Chilamulo cha Mose sichinalole kuti mlandu ukhazikike pa mboni imodzi, ndipo inunso musalole. Mawu a akulu akoma akagonera, n'zoona. Koma kukumbukira kwa munthu kumasokoneza zaka, kumatalikitsa mtunda, ndipo nthawi zina kumam'patsa munthu chipambano cha mnzake, wopanda cholinga chonama. Chimene mwamva kwa mmodzi kachifunseni kwa wachiwiri, kwa mphunzitsi, kwa amene anagonja, ndi ku nyuzi ngati inalemba. Ndipo awiri akatsutsana pa za amene anapambana, aonetseni onse awiri, oonera adzaweruza okha. Popeza zithunzi zakale n'zosowa, mudzayesedwa kuveka atsikana a lero madiresi akale kuti athamange pamaso pa kamera. Si tchimo, malinga mulembe poyera kuti ichi n'chongoyerekeza. Koma kutenga zithunzi za atsikana a ku Kenya kapena ku Ethiopia nkuziika ngati za kuno, kapena kulamula kompyuta kuti ikupangireni chithunzi chooneka chakale cha mpikisano umene sunajambulidwe, kumeneko ndiko kuchita umboni wonama, ndipo wofufuza wa zaka 50 zikudzazo adzakhulupirira bodza lanu monga dziko linakhulupirira la 1928.

Mukadzabwera nazo zonse kunyumba, ntchito yotsala ili ngati kupeta mpunga: pa maola makumi ambiri amene mwajambula padzatsala ola limodzi, ndipo dzanja logwira lichero ndilo lidzasankha chouluka ndi chotsala. Pamenepa m'pamene wojambula amayesedwa. Wofotokoza nkhani asachuluke mawu. Nyimbo za maliro zisaikidwe pansi pa mawu a amayi amene akuseka pokumbukira ubwana wawo. Ndipo umphawi usasanduke mutu wa nkhani, pakuti mutu wake ndi liwiro, luso ndi mpikisano. Ndikunena izi chifukwa ndalama za ntchito yotere kawirikawiri zimachokera kwa alendo. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo thandizo lake tilandire ndi manja awiri. Koma ena mwa othandiza amakonda nkhani ya mkazi wa mu Africa wovutika amene akudikira wom'pulumutsa, ndipo mukapanda kuchenjera mudzapezeka mwajambula amayi athu mmene iwo eni sangadzizindikire. Gwirizanani poyamba, molemba, kuti mawu omaliza pa kadulidwe ka kanemayo ndi anu. Musaganize kuti luso lake n'la kunja kokha: a Shemu Joyah ndi Mayi Joyce Mhango Chavula anaonetsa kale kuti filimu yopangidwa ndi manja a Amalawi ikhoza kuima pa mabwalo a Africa yense nilandira mphotho.

Asanaone munthu wina aliyense, aone kaye amayi amene alimo, aliyense gawo lake, ndipo pamene anena kuti apa sindinatanthauze chomwecho, muwamvere. Kanemayo akadzapeza ndalama, iwonso alawe. Kuonetsa koyamba kuchitike kuno, pabwalo la sukulu kapena pa bwalo la masewera la Karonga, Lilongwe ndi mayiko akunja zidze pambuyo. Ndipo ngati kungatheke, wothamanga wa lero ndi wothamanga wa 1972 akhale pa benchi limodzi, kamera ili chiyakire, pakuti zimene angafunsane awiriwo palibe wa ife angazilembe. Zimene mwajambula zonse, ndi zimene sizinalowe m'kanema zomwe, musazisiye m'foni kapena m'kompyuta imodzi imene mawa ingabedwe kapena kupsa ndi magetsi: zisungidwe m'malo atatu, ku nyumba ya zakale ya muno, ku Zomba, ndi m'manja mwa banja lililonse, dzina la wolankhula, mudzi wake, mfumu yake ndi tsiku lojambulira zitalembedwa bwino pa chilichonse.

Mutu umodzi susenza denga, n'chifukwa chake pempho langa lomaliza likupita kwa inu mafumu, kwa atsogoleri a amayi, ndi kwa a wailesi za kuno, Radio Dinosaur ndi Tuntufye. Lengezani m'midzi, m'mapemphero ndi pa mphepo kuti mayi aliyense amene anathamangapo pa mpikisano, chaka chilichonse, pa sukulu iliyonse, kapena aliyense wosunga chiphaso, chithunzi kapena mphotho ya mayi wake amene anatisiya, apereke dzina kwa mfumu yake kapena kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yoyandikira. Mayinawo akasonkhana, anyamata ndi atsikanawa ayambire kwa okalamba koposa ndi odwala, mvula isanadule misewu.